Maliro a bambo anga ku Foleshill

Ndine namwino pachipatala china cha boma ku Coventry. Antchito atachepa pa wodi yathu, masiku ogwira ntchito anachuluka, mpaka Loweruka ndi Lamulungu anangotsala mayina pa kalendala. Akuluakulu ankati n'zakanthawi, koma kanthawi kakeko kanamera mizu.

Ife Amalawi a kuno tili ndi mwambo umene tinakwera nawo ndege. Wina akaferedwa kumudzi, timasonkhana kunyumba kwake ngakhale mtembo uli kutali. Mipando timaikankhira kukhoma, amayi timakhala pansi, kuimba nyimbo, kuphika tiyi. Maliro n'kulirana, ndipo ine ndinkadalira zimenezo kuposa inshuwalansi.

Bambo anga atamwalira ku Dedza sindinathe kupita. Tsiku loika maliro ndinasuntha mipando m'kanyumba kanga ku Foleshill, ndinayala zitenje pa kapeti, ndinabwereka makapu kwa oyandikana nawo. Kenako ndinakhala pansi n'kumadikira.

Zimene zinabwera ndi mauthenga a pafoni. "Pepani achemwali, ndili pa long day, ntchito mpaka usiku." "Ndayesa kuswapa shift, andikaniza." Sankanama ayi. Ambiri amasamalira okalamba, ena ndi anamwino anzanga, ndipo ndikanakhala ine ndikanalemba mawu omwewo. Komabe ndinakwiya, ndipo ndinasowa womukwiyira. Ndinkaopa kuti bambo alowa m'manda ine ndili ndekhandekha, wopanda wondigwira dzanja.

Chakumasana anagogoda mayi wina wa ku Chipata amene timapemphera naye. Amasamalira okalamba ku Longbridge, ndipo anabwera molunjika kuchokera kuntchito, atangomanga chitenje pamwamba pa yunifolomu. Anavula nsapato n'kukhala pansi pambali panga.

"Pepani amayi, pepani. Ena sanafike?"

"Ali pa shift onse," ndinayankha.

Anayambitsa nyimbo ya maliro, mawu atasasa, ine n'kumavomera. Ndime yachiwiri sanaimalize. Mutu wake unagwera paphewa langa, ndipo posakhalitsa mkonono unayamba. Wodzandipepesa uja! Ndinafuna kuseka, koma ndinangopezeka misozi ili mbwembwembwe.

Nthawi yomweyo mlongo wanga anandiimbira pa vidiyo ali kumanda. Ndinachepetsa mawu a foni kuti mlendo wanga asadzuke. Bokosi la bambo anga ndinaliona likutsika m'dzenje, ine ndili chete, phewa osalisuntha.