Tsiku Limene Ndinakana Mpando wa Kutsogolo

Kwathu ku Area 25, ukamera imvi n'kuvala jekete, makondakitala amakupatsa mpando wa kutsogolo, pambali pa dalaivala. Ndi ulemu, ndipo ine ulemu umenewo ndinkaukonda kuposa tiyi. Ndinali pampando womwewo m'mawa umene minibasi yathu inaphulika tayala pamsewu wa M1, tikupita kuntchito ku Kanengo. Ndinaona zonse, msewu ukupendekeka, galasi likundibwerera kumaso. Mayi wina amene anakhala kumbuyo kwanga sanadzukenso. Ine ndinangothyoka nthiti, ndipo aliyense wodzandizonda ankati ndithokoze Mulungu, ndapulumukira m'kamwa mwa mbuzi.

Nthiti zinapola, koma ine sindinapole. Ndikangomva kondakitala akumenya chitseko ndi chikhato kuti galimoto inyamuke, mtima unkagunda ngati utuluka, thukuta lili kamukamu. Munthu akawotcha tayala kuseri kwa nyumba, fungolo linkandibweza pamsewu paja. Ndinasiya kukwera galimoto iliyonse. Ku Kanengo ndinkapita wapansi, anzanga n'kumawauza kuti ndikuchepetsa mimba. Mimbayo inachepadi, koma ukali unakula. Mbale ikagwa pansi ndinkakalipira nyumba yonse.

Amene anazindikira ndi mayi a kunyumba. Tsiku lina akusita malaya anga anangoti, "Abambo, m'minibasi ija inu simunatsikemo." Ndinapsa mtima, chifukwa zinali zoona. Ananditengera kuchipatala cha pafupi ponama kuti tikayezetse BP, koma anandilowetsa kwa dokotala wa matenda a maganizo.

"Ndikuoneka wamisala ine?" ndinafunsa.

Dokotalayo anati si misala ayi. Anati munthu akaona zoopsa, nthawi zina thupi limakana kukhulupirira kuti zinatha, ndiye limangokhala tcheru ngati ngozi ikuchitikabe. Vutolo lili ndi dzina lalitali lachingerezi, ndipo ndinapepukidwa kumva kuti si ine ndekha. Ndinkapitako kukacheza naye. Anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono, kuponda pansi mwamphamvu, ndi kutchula chamumtima zinthu zimene ndikuziona. Anatinso ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Choncho ndinkapita pasiteji, kukhala m'minibasi yoima, n'kutsika isanadzaze. Makondakitala ankandikonda, poti ndinkathandiza kuti galimoto ioneke ngati yatsala pang'ono kunyamuka.

Ndisanafike poyenda nayo n'komwe, mlongo wanga wa ku Chinsapo, amene ndi wamasiye, anaimba foni. Mwana wake wamkazi anali atapeza banja, ndipo tsiku la chinkhoswe linali litakhazikitsidwa. Malume ndine, nkhoswe ya kuchikazi ndine. Pamwambowo akuchimuna amapereka tambala, ife timabweza msoti, ndipo nkhukuyo iyenera kuchoka m'manja mwa nkhoswe. Malume akajomba, akuchimuna amati mwanayo alibe eni ake.

"Achimwene, musandichititse manyazi pamaso pa anthu," anatero mlongo wanga. Za vuto langa sankadziwa.

Kuchoka ku 25 kukafika ku Chinsapo ndi minibasi ziwiri, ya m'tauni kenako ya kumeneko. Wapansi, ndi suti komanso nkhuku, ndikanapeza anthu atabalalika. Sabata yonse chakudya sichinkalowa. Ndinkaopa, ndipo ndinkachita manyazi kuti ndikuopa.

Mayi a kunyumba anatsogola dzulo lake kukathandiza zophika. M'mawa wa tsikulo ndinafika pasiteji ndekha, msoti womanga miyendo uli m'khwapa. Kondakitala atangondiona anafuula.

"Madala afika! Sisi, tatsikani pafuronti apo, akhale bigi ndi suti yawo!"

Mtsikana uja anatsika mwaulemu, n'kundigwirira chitseko. Ndinaona mpando uja ndi galasi lija, n'kubwerera m'mbuyo.

"Ayi, zikomo," ndinatero.

"Aaa, madala, ulemu wanu uwo. Osakana!"

Anthu onse m'galimoto anali maso pa ine. Kukana mpando umene mwana wa eni wakusiyira ndi mwano, ndipo bodza la mimba silikanagwira ntchito apa. Ndinaganiza zobwerera kunyumba, n'kuimba foni kuti ndadwala malungo. Kenako ndinakumbukira mawu a mlongo wanga.

"Ndinachita ngozi nditakhala pamenepo," ndinatero. "Ndimaopa. Ndipo chonde, musamenye chitseko."

Ndinkadikira kuti aseke. Palibe anaseka. Mayi wina wonenepa, dengu la tomato lili pamiyendo, anasendera. "Bwerani pakati pathu pano, abambo. Pano simuona chilichonse, ndakutchingirani."

Kondakitala anaimba likhweru m'malo momenya, ndipo tinanyamuka. Ndinkangoyang'ana nsapato zanga. Koma chizolowezi n'chovuta. Titaima kutsitsa munthu cha ku 18, anaiwala, n'kumenya chitseko kawiri, phaa phaa! M'maso munada. Ndinamva fungo la tayala limene panalibe. Ndinafuna kukuwa kuti aime nditsike. Ndinakumbatira msoti uja, ndipo pansi pa nthenga ndinamva kamtima kake kakuthamanga ngati wanga. Ndinaponda pansi, n'kukoka mpweya. Tomato, ndinatero chamumtima. Chitenje chobiriwira. Kabaza. Chikwangwani cha sopo. Tomato.

"Sorry madala, dzanja lazolowera," anatero kondakitala.

Koma sindinatsike.

Kudepoti ndinakhala pabenchi nthawi yaitali. Minibasi za ku Chinsapo zinkadzaza n'kumapita ine ndikuziyang'ana, foni ikungolira m'thumba. Nditalimba mtima, kondakitala wa kumeneko nayenso ananditsegulira kutsogolo, ndipo ndinabwereza mawu omwe aja. Pakamwa anatuluka mosavuta kusiyana ndi poyamba, koma thupi linavutika chimodzimodzi, makamaka m'mabampu.

Ndinafika mochedwa, malaya atanyowa mpaka jekete. Akuchimuna anali atakhala kale m'tenti, akuyang'ana mawotchi. Mlongo wanga anandiponyera diso loti tikambirana bwino mwambo ukatha. Nthawi yosinthana nkhuku itakwana, ndinaimirira kutsogolo kwa anthu, mwana wa mlongo wanga ali pambali panga, n'kutambasula manja. Nkhoswe ya kuchimuna, bambo wanthabwala, inayang'ana msotiwo.

"Akuluakulu, nkhuku yanuyi ikunjenjemera bwanji? Si ya chitopa?"

"Nkhukuyi ili bwinobwino," ndinatero. "Akunjenjemera ndi manja angawa. Ndabwera pa minibasi."

Tenti yonse inafa ndi phwete, poyesa kuti malume ayamba nthabwala. Mayi a kunyumba okha ndi amene sanaseke. Anaimirira pakati pa azimayi, chitenje cha kukhitchini chikadali m'chiuno, n'kuimba nthungululu nthawi yake isanakwane, misozi ikutsika. Ndinalandira tambala ndi manja awiri. Anthu akuvina, ine ndinali nditayamba kale kuganiza za ulendo wobwerera.