Makutu a Telala wa ku Lungwena

Ndinanyamuka pa Mangochi boma Loweruka m'mawa, nditavala malaya oyera ngati munthu wokalandira mphotho. Benchi yanga ya kumsika, pomwe ndimatchajira anthu mafoni ndi kuwaikira mafilimu, ndinaitseka tsiku la malonda. Mkazi wanga anafunsa ngati ku Lungwena kwagwa maliro. Ndinati ayi, ndikupita kukafufuza. Anangoti, "Pitani, a Pulofesa."

Dzina la Pulofesali anandipatsa ndi anzanga a pagulu lathu la pafoni, chifukwa cha filimu ina imene anyamata a konkuno anajambula m'mudzi wina kupitirira Lungwena. Mufilimumo muli mtsikana, Asiyatu, amene mayi ake amamwalira asanamuuze dzina la bambo ake. Gawo lachiwiri limathera pomwepo. Lachitatu silinatuluke mpaka lero, akuti kamera inagwera m'madzi. Ndiye ife tinadzipatsa ntchito yomupezera mwanayo bambo. Mnzanga Bonifasi ndi gulu lake ankati ndi mphunzitsi amene amamugulira makope. Ena, a mitu youma, ankati ndi msilikali wa ku Monkey Bay amene amangooneka kamodzi akugula chambo. Ine ndinkati ndi Che Bwanali, mwini maboti, ndipo ndinali ndi umboni. Ndinadula nkhope ya mtsikanayo ndi ya mkuluyo, n'kuziika pamodzi, n'kuzunguliza makutu awo ndi mzere wofiira, poti onse ndi oimirira ngati zogwirira za poto. M'munsi ndinalemba kuti, "Bambo ake enieni ndi awa. Onani makutu." Chithunzicho chinayenda kuposa mmene ine ndayenderapo. Tsopano ndinkafuna kukajambula anthu awiriwo maso ndi maso kuti Bonifasi atseke pakamwa.

Tsidya la mlatho wa Shire ndinapeza kalole ka matola kopita ku Makanjira. Kondakitala anati zikwi zisanu ndi chimodzi. Ndinanenerera mpaka anachotsapo chikwi, koma anandibwezera chipongwe pondikhazika pamwamba pa matumba a mchere, miyendo ili pakati pa zigubu za petulo wa maboti. Tinanyamuka dzuwa litayamba kuluma, titazungulira kawiri kusaka anthu amene kondakitala ankalumbira kuti akubwera.

Pa Malindi tinaima kutsitsa malata a tchalitchi. Ndinagula chinangwa chophika ndi kamulu ka usipa wokazinga, ndipo mimba itakhala pansi, pakamwa panatseguka. Ndinafunsa ngati pali amene anaonera filimu ija. Theka la galimoto linali litaonera. Eee, ndinaphunzitsa! Ndinafotokoza mmene Che Bwanali amagwetsera kapu akamva dzina la malemu, mmene amakanira kuyang'ana mwanayo m'maso. Mayi wina wa dengu la tomato anati, "Baba, bambo a mwana wa mufilimu mukuwadziwa chonchi, nanga ana anu kunyumba adya?" Anthu anafa nazo kuseka. Ine ndinatulutsa foni n'kuyendetsa chithunzi changa dzanja ndi dzanja.

Pambali panga panakhala mkulu wina wa kachipewa koyera, atagwira ambulera pakati pa mawondo. Chikwerereni sanalankhule. Foni itafika kwa iye anaitalikitsa ndi maso, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Chithunzi ichi," anatero, "ndi chimene chandidzutsa ine ku Nkopola."

Dzina lake anali Che Musa, wosamalira maluwa pa loji ina kumeneko. Anandiuza motsitsa mawu, galimoto ikudumpha m'maenje. Mtsikana amene ife timamuti Asiyatu dzina lake lenileni ndi Hawa, mdzukulu wake. Mayi a Hawa, Abiti Juma, ndi mwana wa mlongo wake, ndiye iye ndi nkhoswe ya banjalo. Bambo a Hawa, Che Imedi, ali ku Joni zaka zambiri, amagwira ntchito m'shopu. Amene amasewera ngati Che Bwanali ndi a Saidi, telala wa pamsika, wopanda ngakhale bwato limodzi. Chithunzicho chinafika ku Joni chokhachokha, chopanda filimu, chopanda dzina la Asiyatu. Munthu anangotsegula foni n'kupeza nkhope ya mwana wake pambali pa telala, ndi mawu oti bambo ake enieni ndi awa.

"Nanga sanamuuze kuti ndi za mufilimu?" ndinafunsa.

"Anamuuza. Koma Saidi uja anafunsirapo mbeta kwa Abiti Juma, kalekale, Imedi asanabwere. Anakanidwa. Mudzi unali utaiwala, pano wakumbukira." Anandibwezera foni. "Akuti Imedi atumiza talaka, kalata yothetsa banja, mwezi uno. Ndikupita kukayesa kugwira banja. Kodi inu wakutumizirani ndani?"

"Chimangoyenda, bambo," ndinatero.

Mawu amenewo anatuluka okha, osalala bwinobwino. Ndinachita manyazi, koma sindinawabweze.

Pa Lungwena tinafika dzuwa lili paliwombo. Panali lole ina yoyang'ana kuboma, injini ikulira, malo alipo. Ndinaiyang'ana ngati mwana woyang'ana mandasi. Koma Che Musa anali atandipatsa kale chikwama chake kuti ndimugwirire, poti ndinali nditalengeza pamaso pa anthu onse kuti ndikupita kumudzi komweko. Tinapitirira pang'ono, tayala linaphulika pa kamlatho ka matabwa, ndipo mtunda wotsalawo tinayenda wapansi, kudutsa m'minda ya chinangwa ndi m'mathandala oyanikapo usipa. Pamsika tinadutsa shopu ya telala. Inali yotseka ndi loko. Che Musa anati a Saidi anathawira kwa abale awo ku Makanjira, atatopa ndi anyamata omwe ankabwera kudzawayeza makutu ndi tepi yawo yomwe.

Kunyumba anatiyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. Abiti Juma anali mayi wamfupi, wa maso otupa, ndipo anandilonjera ndi manja awiri ngati mlendo wa amalume awo. Panalinso mlongo wa Che Imedi, amene anakhala payekha, nkhope ili gwa. Madzi osamba m'manja anabweretsa ndi Hawa. Ndinamuzindikira pomwepo, ngakhale anali wamng'ono kuposa mufilimu. Mpango anaumanga mothina kwambiri, kuukokera mpaka m'masaya, kunja kukutentha choncho. Che Musa anandinong'oneza kuti kusukulu anasiya kupita.

Anatipatsa mpunga ndi utaka wa nsinjiro. Anandiikira nsomba zazikuluzikulu kumbali yanga. Abale anga, ndadyapo zakudya zowawa, koma mpunga umenewo unandikanika. Uku ndikutafuna, uku mlongo uja akunena kuti utsi sufuka popanda moto, ndipo amene anapanga chithunzicho ayenera kuti ndi munthu wa m'mudzi momwemo wodziwa zakale. Abiti Juma anangoti, "Mulungu akumuona."

Ndinasamba m'manja chakudya chisanathe.

"Amayi," ndinatero, "chithunzicho ndinapanga ndine."

Che Musa ananditembenukira pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana mmene anayang'anira foni ija. Ndinafotokoza zonse, za benchi yanga, za Bonifasi, za mzere wofiira. Ndinati sindinkadziwa munthu aliyense m'mudzimo, ndinkanena za Asiyatu ndi Che Bwanali, anthu oti kulibe. Pozinena mokweza, pamaso pa mayi ameneyo, zinamveka zopusa kuposa mmene ndingalembere pano.

Ndinkayembekezera kutukwanidwa, ndipo bwenzi zitandipepukira. Abiti Juma sanatukwane. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi foni, anaimba, n'kundipatsa.

"Musandiuze ine," anatero. "Ine ndikudziwa. Uzani mwamuna wanga."

Che Imedi anayankha ali pantchito, kumbuyo kukumveka phokoso la magalimoto. Ndinadzitchula dzina, n'kubwerezanso nkhani yonse, thukuta likutsika m'malaya anga oyera aja. Anamvetsera osandidula.

"Achimwene," anatero pomaliza, "filimu ndikudziwa kuti ndi masewera. Zovala amabwereka, ndevu amamata. Kodi makutu amamatanso?"

Ndinati anthu amafanana, ngakhale osabadwa pamodzi. Ndinati m'boma muli anthu ambirimbiri a makutu otero.

"Ndiye munazunguliziranji a awiri okhawo?"

Che Imedi anapitiriza.

"Mwana uja ndinamunyamula ndekha tsiku lomupatsa dzina," anatero, mawu atatsika. "Zaka zonsezi ndimamuona pafoni, sindinaonepo makutu. Mwandionetsa ndinu. Pano ndikatseka maso ndikungoona omwewo." Anati alankhula ndi Che Musa akaweruka, n'kudula.

Sanati talaka ibwera, sanatinso sibwera. Mlongo wake ananyamuka osatsanzika. Che Musa anati ndipite dzuwa lisanalowe, galimoto zobwerera zimatha msanga, ndipo zotsalazo ndi za ankhoswe. Ndinapempha kuti ndilembe pagulu lathu kuti ndinalakwitsa. Anati lembani, koma madzi akatayika saoleka.

Mlendo amaperekezedwa, ngakhale mlendo ngati ine. Abiti Juma anauza Hawa kuti andifikitse panjira ya kumsewu. Tinayenda iye patsogolo, ine m'mbuyo. Foni imene ndinabwera nayo kudzamujambula inali m'thumba, ikunjenjemera ndi mauthenga a anzanga ofunsa ngati umboni wapezeka. Titafika pomwe njira imakumana ndi msewu, anaima, maso ali pansi.

"Amalume," anatero, "inu akuti mumadziwa kuona. Ndiuzeni zoona. Bambo anga ndi ndani?"

Sankandinyoza. Ankafunsadi.

"Ndi Che Imedi," ndinatero msangamsanga. "Palibe wina, mwana wanga. Ndi Che Imedi."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana.

"Mwaonera chiyani? Pajatu poyamba munali ndi umboni."

Lole yochokera ku Makanjira inatulukira ndi fumbi lake, ndipo ndinakwera ndisanamuyankhe. Kondakitala anatchula mtengo, ndinalipira osanenerera. Njira yonse, Lungwena, Malindi, mpaka pamlatho, ndinakhala pa matumba a nsomba zouma osatsegula pakamwa, ndikufunafuna yankho. Ndinali nditazolowera kuganiza kuti nkhope za mufilimu zilibe kwawo, kuti filimu ikatha zimazima pamodzi ndi foni. Koma zinali nkhope zobwereka, ndipo eni ake amabwerera nazo kumudzi, kumsika ndi kusukulu.

Madzulo omwewo ndinalemba pagulu kuti ndinalakwitsa, ndikupempha aliyense afufute chithunzicho. Bonifasi anasangalala, poganiza kuti mphunzitsi wake wapambana. Ena anandiyankha ponditumizira chithunzi chomwecho. Che Musa ndimamuimbira Lachisanu lililonse akatuluka kumzikiti. Amati talaka sinabwere, koma Che Imedi akaimba foni kunyumba amalankhula ndi ana aang'ono okha. Hawa amakhala pafupi kudikira kuti amuitane, mpaka foniyo idulidwe.