Tsiku Lomwe Ankafuna Kutentha Chipoka

Agogo anga aamuna, Che Sumaili, sankamveka fungo la nsomba ngati amuna ena a m'mudzi mwathu. Ndikawaganizira, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la pepala lakale losakanikirana ndi fodya wouma, lomwe linkatuluka akatsegula chitini chawo cha mabisiketi m'mawa pakhonde, amayi akusesa pabwalo, nkhuku zikupalasa kuseri, asodzi akuyala usipa pamathandala kugombe. M'chitinimo munalibe bisiketi. Munali mapositikadi, omwe ife tinkangoti makadi: timapepala tolimba, mbali imodzi chithunzi cha malo, mbali inayo polemba moni ndi pomata sitampa. Masamba a fodya ankaikamo kuti mphemvu zisadye mapepala.

Ali mnyamata, agogo ankaphika m'sitima ya panyanja. Azungu akatsika ankasiya makadi m'zipinda, ena olembedwa, ena osalembedwa, ndipo agogo ankatola m'malo mowasesera m'madzi. Atasiya ntchito chifukwa cha mwendo womwe unapsa ndi madzi otentha, anayamba kuyendera anzawo ophika m'nyumba za azungu, n'kumasinthanitsa nsomba zouma ndi makadi omwe mabwana ataya posamuka. Ena anali akale kuposa amayi anga, ofiirira m'mphepete, okhala ndi sitampa ya mfumu yomwe idamwalira kalekale. Amenewo ndi omwe azungu ankawafuna kwambiri. Tsiku lobwera sitima ya pamtunda agogo ankavala mkanjo wawo woyera n'kupita ku siteshoni ya Salima, masiku ena ankakhala pansi pa mtengo pafupi ndi hotela ya azungu ya kunyanja, makadi atawayala pansalu.

Chingerezi cholembedwa pamakadiwo sankachiwerenga, koma malo onse ankawadziwa. Ankandikhazika pambali pawo n'kumandionetsa phiri la Mulanje litavala mitambo, phiri la Zomba, mathithi a mu Shire, ngalawa zamatanga padoko la Nkhotakota. Ankanditcha mkazi wawo, monga agogo amachitira ndi adzukulu.

"Pukuta manja kaye, mkazi wanga," ankatero. "Phiri ili layenda ulendo wautali, usalinyowetse."

Kadi yomwe ndinkaikonda inali ya doko la Chipoka, poti abambo anga ankagwira ntchito kumeneko, kusenza matumba kuchotsa m'sitima ya pamtunda kupititsa m'sitima ya panyanja. Ankabwera kunyumba mwa apo ndi apo. Pachithunzipo panali tianthu ting'onoting'ono ngati nyerere, ndipo ine ndinasankhapo kamodzi n'kumati ndi abambo.

Zinthu zinayamba kuipa m'chaka chomwe nkhani ya Chitaganya inali pakamwa pa aliyense. Anthu ankati dziko lathu likuperekedwa kwa azungu a ku Rhodesia ndipo minda itilandidwa. Ine ndinali kamtsikana kotunga madzi ndi kachidebe, koma ndinkaona kuti akuluakulu ayamba kulankhula motsitsa mawu. M'nyengo imeneyo mzungu wina wa chipewa chachikulu anagula kwa agogo kadi ya phiri lomwe lili kuseri kwa mudzi wathu. Pasanapite nthawi kunabwera anthu oyeza malo ndi unyolo ndi ndodo zamawangamawanga, n'kukhoma zikhomo m'tsinde mwa phirilo. Zikhomozo zinadutsa pakati pa dimba la mpunga la a Bwanali, bambo wa ana ambiri yemwe ankakhala nyumba zingapo kuchokera kwathu. Kenaka mnyamata wina wonyamula katundu kuhotela ananena kuti waona kadi ija m'galimoto ya oyeza malowo.

Poyamba palibe yemwe anatiuza kanthu. Ndikafika pachitsime amayi onse ankangokhala chete, kumangomveka chingwe chikukhuza mwala. Anzanga omwe ndinkasewera nawo phada ankaitanidwa kwawo ndikangofika. Zitumbuwa za amayi zinkabwerera zonse mudengu. Lachisanu, tsiku la Ijumaa, agogo pobwera ku mzikiti anakhala pakhonde osavula chisoti, n'kuuza amayi kuti poswali anthu anawasiyira mpata mbali zonse ziwiri ngati ali ndi nthomba. Tsiku lina m'mawa ndikutuluka kukasesa ndinapunthwa pakhomo. Chinali chikhomo cha oyeza malo, chozulidwa kudimba, chitakhomedwa pakhomo pathu penipeni.

Amayi anagwada pamaso pa agogo. "Bambo, chonde, pitani ku Khombedza kwa achemwali anu. Mukakhaleko mpaka izi zithe."

"Ndi mwendo uwu? Akandipeza panjira," anayankha agogo. "Komanso ndikathawa ndiye kuti ndavomera."

Anthu a m'mudzi anabwera Ijumaa yotsatira, dzuwa lili pamutu, m'mwezi wotentha womwe udzu wa padenga umathetheka wokha. Agogo sanapite ku mzikiti tsiku limenelo. Ine ndinali kutsuka mbale kuseri pamene ndinamva phokoso lomwe sindinaliiwale mpaka lero. Sikunali kukuwa ayi. Anali mapazi, mapazi ambiri akuponda masamba ouma a mango, popanda wolankhula ndi mmodzi yemwe. Agalu a m'mudzi anasiya kuuwa. Nditasuzumira ndinaona amuna atanyamula nkhafi ndi zikwanje, akazi ali pambuyo ndi ana kumsana, kutsogolo kuli a Bwanali ndi chikuni chofuka utsi.

Amayi anandikokera m'nyumba, koma atayang'ana denga anandikankhiranso panja. Tinaima pakhonde kuseri kwa agogo. Ndinkaona msana wa mkanjo wawo ukunyowa ndi thukuta.

"Che Sumaili," anatero a Bwanali, "phiri munagulitsa kale. Tiuzeni, chotsatira n'chiyani? Gombe? Manda athu?"

"Wallahi, Bwanali, ine sindinagulitse dothi la munthu. Lija ndi pepala chabe. Makadi otere alipo ambirimbiri, amawadinda kutsidya kwa nyanja."

"Pepala chabe? Nanga dimba langa lapita ndi chiyani? Ana anga adya zikhomo?"

Atatchula ana, khamu lonse linasunthira kutsogolo. Wina anakuwa kuti nyumba ipse. A Bwanali anakweza chikuni chija, ndipo mwendo wanga unatentha ndi mkodzo wanga womwe. Pamenepo mkulu wina wa ku mzikiti anakweza ndodo yake n'kunena kuti m'nyumbamo mumagona mkazi ndi mwana osalakwa, chomwe chiyenera kupsa ndi chitini, ndipo mwini wake aponye yekha pamoto.

Anasonkha moto wa udzu ndi mapesi pakati pa bwalo lomwe amayi anasesa m'mawa. Agogo anatulutsa chitini, n'kugwada movutikira. Poyamba chivundikiro chinakana kutseguka. Atatsegula, anatenga kadi yoyamba, ndipo mwa chizolowezi chawo cha pamalonda anatchula dzina lake.

"Mulanje."

Ndinaona phiri lija likupindika, mitambo yake ikuda, kenaka phulusa. Anaponya mathithi a mu Shire. Anaponya Zomba. Ine pamenepo ndinali nditakhulupirira zonse. Akuluakulu onsewa sakanabwera ndi zikwanje chifukwa cha pepala wamba. Ngati kugulitsa kadi kunachotsa phiri m'manja mwathu, ndiye kuti kuitentha kunkatentha malowo ndi anthu ake omwe. Ndinayang'ana kum'mwera kuti ndione ngati kukukwera utsi.

"Chipoka," anatero agogo ndi mawu otsika.

Sindikumbuka mmene ndinachokera m'manja mwa amayi. Ndimangokumbuka kuti kadi inali itagwera kale m'mphepete mwa moto, ngodya yake ikuyaka, ndipo ine ndinaipisira dzanja n'kuifumbata.

"Abambo anga ali mmenemo! Mukuwatentha! Mukutentha abambo anga!"

Ndinalira mpaka mawu anandithera. Woyamba kulankhula anali Abiti Saidi, mayi wogulitsa mchere, yemwe mwana wake ankagwiranso ntchito padoko lomwelo. Anadzikankha pakati pa amuna aja, n'kundifumbatula dzanja, n'kuzimitsa kadi ija ndi chitenje chake.

"Iyi ayi," anatero. "Iyi isapse."

Bambo wina wobadwira ku Nkhotakota anafunsa ngati kwawo kulimo m'chitinimo. Mayi wina yemwe mchimwene wake anali msilikali ku Zomba anayang'ana phulusa lija n'kugwira kumutu, n'kuyamba kulira maliro. Amuna omwe anabwera ndi nkhafi anayamba kukangana okhaokha, ena akuti moto upitirire, ena akuti ukapitirira titha tonse. Agogo anangokankhira chitini patsogolo. Anthu anayamba kugwada mmodzimmodzi, aliyense kufunafuna kwawo kapena komwe kuli m'bale wake, n'kubisa kadi m'malaya kapena m'mpango, kuti isapse komanso kuti isagulitsidwe.

A Bwanali anatsala chiimire, chikuni chitazima m'manja mwawo.

"Ya phiri lathu, ina ilipo?" anafunsa.

"Inali imodzi yomweyo."

Anaponya chikunicho pansi n'kutembenuka. Anthu anabalalika osatsanzika. Amayi anandimata dzanja ndi madzi a khonje, akulira ndiponso akundikalipira nthawi imodzi. M'chitini munatsala makadi ochepa a malo akutali komwe kunalibe m'bale wa aliyense.

Patapita masiku ndinafunsa agogo ngati anthu a ku Zomba anapsa.

"Sanapse, mkazi wanga. Ngakhale bambo ako sakanapsa."

"Nanga bwanji simunawauze anthu aja?"

"Ndinawauza zoona poyamba, sanandimve. Iwe utalira anamva. Ndiye ndinatseka pakamwa."

Zikhomo zija sizinachoke. Mvula isanagwe a Bwanali anasamuka ndi banja lawo kukapempha malo kumtunda. Agogo anatsimphina mpaka kunyumba kwawo kukawatsanzika, koma chitseko sichinatsegulidwe. Ku siteshoni agogo sanapitekonso. Anayamba kuluka mikeka, ndipo nthawi zonse ankakhala moyang'ana kunjira. Gulu la anthu likamadutsa, ngakhale lopita ku ukwati, singano inkaima m'manja mwawo mpaka mapazi atamveka patali. Anamwalira ndisanakwatiwe.

Lero ndine nkhalamba, ndipo chipsera chidakalipo m'chikhatho changa chamanja, chosalala ngati khungu la khanda. Ndikakhala pamsika n'kumva kuti uje ndi mfiti, kapena uje akupopa anthu magazi, ndimatenga dengu langa n'kufunsa yemwe ali pafupi kuti waona ndani ndi maso ake. Nthawi zambiri amandiseka. Adzukulu anga amaganiza kuti chomwe chinandiopsa tsiku lija ndi moto kapena zikwanje. Si zimenezo. Anthu onse anaima pabwalo pathu paja ndinkawadziwa mayina, ena anandiberekapo kumsana ndili khanda. Ndipo m'mawa mwake, ndikupita kuchitsime ndi dzanja lomanga nsanza, anthu omwewo anandipatsa moni.