Tambula ya mwendo umodzi

Ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anga anasiya ntchito yoperekera zakumwa pahotela ina ku Chipata n'kubwerera kwathu ku Mwase kudzalima mtedza. Anabwera ndi matambula asanu atawakulunga m'nyuzipepala. Loweruka lililonse ankawapukuta uku akundiuza ntchito ya iliyonse. Yaitali yowongoka inali ya zakumwa zosakaniza, poti imasiya malo a madzi oundana. Yaifupi yolemera kunsi inali ya mowa waukali. Ya vinyo inali ndi mwendo umodzi kuti dzanja lisafunditse chakumwa. Kwathu kunalibe vinyo kapena firiji, koma ndinaloweza zonsezo.

Tsiku lina masana kunafika a Nyirenda, mkulu wa mpingo wathu, atayenda wapansi kuchokera kumaliro. Manja awo ankanjenjemera, ndipo pagulu ankawabisa m'matumba a jekete. Amayi anandituma kuti ndiwapatse thobwa. Pofuna kuwalemekeza, ndinatsegula kabati n'kusankha tambula ya mwendo ija, yokongola kuposa onse.

A Nyirenda anathokoza kuti "Yewo," n'kuilandira ndi manja awiri. Kamwendo kaja kanayamba kugwedezeka pakati pa zala zawo, thobwa n'kutayikira pathalauza. Anaiika pansi osalawa. Milomo yawo inali itauma gwaa, koma anati alibe ludzu.

Bambo sanandiyang'ane n'komwe. Anatola tambulayo n'kuiunika padzuwa.

"Iyi ili ndi mng'alu, adada. Mwana uyu afuna kukuchekani mlomo. Iwe, bwela nayo kapu yanga ija."

Mng'alu panalibe, poti ndinali nditaipukuta ndekha. Ndinabweretsa kapu yaikulu yachitsulo yokhala ndi chogwirira. Bambo anathiramo thobwa losadzaza, iwonso n'kumwera m'kapu ina yofanana nayo. A Nyirenda anamwa makapu awiri, ndipo anacheza mpaka mthunzi wa mango unafika pakhonde.

Atachoka, ndinadikira mbama, koma siinabwere.

"Wayamba ndi kuyang'ana m'kabati," anatero bambo akutsuka tambulayo. "Ukanayamba ndi manja a mlendo."

Paukwati wathu bambo anatipatsa tambula yomweyo. Mkazi wanga Tiwonge ankamweramo madzi a malalanje Lamulungu lililonse, uku akundiseka kuti ndine mwana wa kuhotela. Chaka chatha, miyezi iwiri asanamwalire, manja ake anafooka, ndipo tsiku lina akumwera m'tambulayo ananyowetsa bulangeti. Ndinagula makapu awiri opepuka okhala ndi zogwirira, yake ndi yanga. Ndinamuuza kuti tambula ija yachita mng'alu.

Anaipempha, n'kuiunika pawindo nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana.

"Zoonadi, a Banda," anatero. "Ndauona."

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti bambo anawapusitsa a Nyirenda tsiku lija. Tsopano ndikudziwa kuti a Nyirenda anaona bwinobwino kuti tambulayo inali yosasweka. Anangovomera kuti bambo awasungire ulemu wawo, ndipo anamwa.