Woyesa Mafilimu wa ku Chilenje

Ku Chilenje kuli mkulu wa mpingo amene salola adzukulu awo kuonera mafilimu a ngwazi zouluka. "Munthu wouluka ni mfiti, olo avale nsalu yofiila kumsana," amatero, chala chili m'mwamba. Filimu iliyonse amayamba aiyesa okha, ana atawathamangitsira panja. Koma chigamulo sichituluka.

Loweruka masana magetsi anazima ndewu ya mufilimu ili pakati. Mkulu uja anathamanga thukuta lili kamukamu mpaka kwa a Shamim, neba wa sola amene samupatsa ndi moni womwe.

"Ba neba, niyatsileni TV, nione ngati mfiti ija izapulumuka."

Adzukulu aja anali momwemo, atakhala pansi. "Izapulumuka, agogo," anatero wamkulu. "Tinaionela kuno dzulo."