Kukagulira Sipika ya Apongozi Khutu ku Migowi

Ndinanyamuka kwathu kwa Nazombe Lachitatu m'mawa, apongozi anga atangolowera kumunda kokathyola nandolo. Ndikati kwathu ndikungodzitonthoza. Ndi kwawo kwa mkazi wanga Esinati, ine ndine mkamwini, ndipo pa zaka khumi ndi chimodzi zimene ndakhala pamudzipo sindinalankhulanepo maso ndi maso ndi mayi ake. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire, ndipo wopatukayo amakhala ine.

Katundu wanga anali sipika yakuda, yaitali ngati munsi, imene alamu anga anatumiza kuchokera ku Joni pamodzi ndi TV, kuti mayi awo, amene makutu anayamba kuvuta, azimva mapemphero a madzulo. Mawu amachoka mu TV kupita m'sipikamo kudzera m'kawaya kowonda kodutsa kuwala kofiira m'malo mwa magetsi. Lamlungu, eni ake ali kutchalitchi, ndinaibwereka osapempha kuti ndimvere mpira wa pafoni kunyumba kwanga. Pobweza ndinali pa changu. Kawaya ndinakalowetsa chozondoka, iko kakukana, ine ndikukakamiza, mpaka ndinangomva kuti thwa. Kachitseko ka pabowo kanathyokera m'kati, sipika n'kukhala duu. TV payokha imalankhula monong'ona, mokwanira ife a makutu abwino basi. Masiku atatu apongozi sanadandaule kanthu, ine n'kumati ndi mwayi. Koma mkamwini wothyola katundu wa ku Joni amayambiratu kulongedza zovala zake, choncho ndinayenera kuibwezera pamalo pake ili bwino isanakwane folo koloko, nthawi imene apongozi amabwerako kumunda.

Kuti anthu asaizindikire, ndinaikulunga m'chitenje, n'kuikulunganso mumkeka, n'kumanga ndi luzi kumutu ndi kumiyendo. Nzeru imeneyi ndinaiona yapamwamba mpaka pamene wakabaza wa njinga yamoto anaima, n'kuyang'ana mtolowo, n'kuvula chipewa. Za mtengo sanafune kukamba. Tinayenda pang'onopang'ono, osaliza hutala, akuzemba dzenje lililonse. Azibambo osewera bawo pansi pa mtengo wa mango anaimirira titadutsa, ndipo mayi wina wosenza nkhuni anagwada m'mbali mwa msewu. Ndinachita manyazi kwambiri, koma kufotokoza kunali kudziwulula ndekha kwa anthu amene amapemphera ndi apongozi anga, ndiye ndinangowerama ngati namfedwa weniweni.

Titafika pa Chiringa cha m'ma eyiti, ndinamasula mkeka uja. Wakabaza ataona sipika anakwiya ngati ndamubera. Anati chisoni chake ndachiwononga pachabe, petulo wathera kuyenda ngati kamba, ndipo ulendo wa K2,000 unasanduka wa K3,000. Ndinapereka, chifukwa munthuyo analidi ndi misozi m'maso.

Pa Chiringa pali a Namakhwa, amene amakonza mawailesi, mawotchi, maambulera ndi zipi za mathalauza pa tebulo limodzi. Anayamba ndi kuuzira mpweya m'bowomo, kenako anaigwedeza sipika pafupi ndi khutu ngati akusankha dzira. Atayang'ana nsonga ya kawaya anapukusa mutu, n'kundiuza kuti alamu anga anaberedwa ku Joni: m'katimo mulibe waya, muli twaini wowedzera nsomba. Anatenga lumo kuti andionetse, ine n'kuwatsomphola kawayako m'manja. Pamenepo ulemu wathu unachepa pang'ono. Komabe anatsegula sipika ija, nachotsa kabowo kothyokako, n'kuwotchererapo kena kamene anazula mu DVD yakufa. Atayatsa, kuwala kofiira kunatuluka kumbuyo kwa sipika. A Namakhwa anawomba m'manja okha. Titakaiyesa pa TV ya mu saluni yometera, mawu sanatuluke ngakhale a udzudzu. Iwo anati ntchito yawo yatheka, sipika yatsegula diso, zolankhula idzayamba ikazolowera.

Ndinakwera kagalimoto ka Sienta kopita ku Migowi cha m'ma leveni pa K4,000. Tinalimo anthu khumi ndi awiri, matumba atatu a nandolo ndi atambala awiri. Malo oika sipika panalibe, choncho inagona pamiyendo ya anthu anayi a mpando wapakati. Bambo wa kuwindo anaikapo chigongono, mayi wa pambali panga anaisandutsa tebulo lodyerapo kalongonda wake, ndipo anandigawirako. Phiri la Mulanje linali litavala mitambo, ine mtima uli pa wotchi.

Ku Migowi anthu onse amene ndinawafunsa analoza kakontena ka a Joyisi, mayi wokonza mafoni wosakonda zolankhulalankhula. Anayang'ana ntchito ya a Namakhwa kanthawi, n'kundifunsa ngati amene anachita izi akadali moyo. Anandifotokozera kuti tibowo timeneti timafanana nkhope koma ntchito n'zosiyana: ka mu DVD kamatumiza kuwala, ka m'sipika kamalandira.

“Akuikirani pakamwa pamene pamafunika khutu,” anatero a Joyisi. “TV ikulankhula, sipika ikulankhula, womvera palibe. Ngati banja la mchimwene wanga.”

Khutu linapezeka mu wailesi yaikulu imene inapsa ndi chiphaliwali, mwini wake n'kuitaya pomwepo. A Joyisi atangoti ayambe ntchito, magetsi anathima. Ine ndinakhala pansi pa fumbi. A Joyisi sanadabwe n'komwe. Anatenga chitsulo chowotcherera chakale, anapita nacho kwa bambo wowotcha chimanga kutsidya kwa msewu, n'kuchilowetsa pa mbaula pakati pa chimanga chiwiri. Chikatentha ankathamanga nacho kudutsa msewu, kuwotcherera kamwendo kamodzi ka khutu lija, n'kubwereranso. Timiyendo tinali titatu, koma maulendo anakwana asanu ndi awiri chifukwa njinga za kabaza zinkawatchinga chitsulo n'kuzizira panjira. Wachimanga anati moto wake si wa boma, ndiye ndinagula chimanga chinayi chimene sindinachifune.

Tinakaiyesa mu vidiyo sho ya jenereta kuseri kwa msika. A Joyisi analowetsa kawaya ndi zala ziwiri zokha, akundiyang'ana m'maso kuti ndiphunzire. Mfuti ya mufilimu inalira mwamphamvu moti anthu a benchi lakutsogolo anagwa chagada. Sindinasangalalepo ndi kulira kwa mfuti ngati tsiku limenelo.

Pobwerera, Sienta inadikira kudzaza ola lathunthu, dalaivala akulumbira kuti watsala munthu mmodzi. Folo koloko inandipeza ndili pa siteji, ndikudya chimanga chachitatu. Pamudzi ndinafika dzuwa litapendeka, nditanyamula sipika paphewa poyera, mkeka nditausiya kwa a Joyisi.

Esinati anandichingamira pa nkhokwe n'kundinong'oneza kuti mayi ali m'nyumba, akhala pamaso pa TV kuyambira masana. Ndinaima pakhonde. Kulowa sindikanatha, kuthawa kunalibe phindu. Ndinkakonza mawu oti Esinati akawanene m'malo mwanga pamene ndinamva mawu a apongozi kuchokera m'kati, okweza monga amalankhulira anthu osamva bwino.

“Bambo a Chikondi, lowani mulumikize. Ine ndayang'ana kukhoma.”

Aka kanali koyamba kundilankhula ine mwini. Ndinalowa chokwawa, ndinalumikiza ndi zala ziwiri, ndipo kwaya inadzaza nyumba yonse. Mapewa a apongozi anagwedezeka. Ndinadikira mlandu wanga nditagwada.

“Kuyambira Lamlungu ndimaona milomo ikuyenda, osamva kanthu,” anatero, nkhope ikadali kukhoma. “Ndinati basi, makutu atsekeka. Sindinauze munthu, ndimaopa kukudandaulitsani. Lero nditapeza pa tebulo palibe kanthu, mtima unakhala pansi. Ndinati kani wodwala ndi sipika ija, si ine.”

Za amene anathyola sanafunse. Ndikanakonda akanafunsa, akanandikalipira, ngakhale kundilipiritsa mbuzi. Ndinayenda ulendo wonsewo, n'kuliritsa anthu osalakwa, pofuna kupulumutsa nkhope yanga, osaganizako n'kamodzi komwe kuti kukhala chete kwa mayi aja kunali mantha. Ndinawauza ndekha, osadzera kwa Esinati, kuti ndinathyola ndine Lamlungu. Sanandimve chifukwa kwaya inali pamwamba, ndiye ndinachepetsa sipika ija n'kubwerezanso mokweza.