Wokhoma Ndowa ndi Rediyeta ya 1912

Che Sufian Ajasi anabadwira ku Namwera, koma ntchito anaiphunzirira ku Limbe, kuseri kwa msika, kwa atsibweni awo. Inali ntchito yokhoma ndowa, makheni othirira mbewu, mbaula ndi nyale za koloboyi. Sukulu analekezera Sitandade 6. Anakhoma malata zaka makumi awiri, ndipo lamulo la atsibweni linali limodzi: ndowa isanachoke, idzaze madzi, uyikhazike pouma, wogula aone yekha. Pansi pakanyowa, ndowayo sinathe.

Mu 1997 anatsatira akazi awo, mayi Nasima, amene anapeza ntchito ya unamwino ku Toronto. Kuno ndowa ndi zapulasitiki. Ikabooka amataya. Che Sufian analowa ntchito yonyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Etobicoke, kufupi ndi bwalo la ndege. Ananyamula zaka khumi. Fomu ikafunsa za luso, ankasiya mzerewo wopanda kanthu. Chitsulo chawo chomatira, cha mutu wa mkuwa, chinkagona m'chikwama pansi pa bedi.

Khomo loyandikana nalo kunkakhala mayi Bertha, mzungu wamasiye wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu. Mu Meyi 2007 mayiwa anataya kheni yachitsulo yothirira maluwa pambali pa bini. Che Sufian zinawapweteka. Anaitola, anayatsa makala owotchera nyama, anaimata ndi mtovu. Kenako anaidzaza madzi nkuikhazika pa simenti youma, pakhomo pa mwini wake.

Mayi Bertha anakhuthula madziwo, anatembenuza kheni, nkuyendetsa chala pa msoko.

"Anakuphunzitsani ndani?" anafunsa m'Chingerezi.

"Atsibweni anga."

"Loweruka muli ndi zochita?"

Loweruka anawatengera ku Hamilton. Kuseri kwa fakitale ina yotsekedwa kunali shedi, ndipo m'shedimo gulu la okalamba linkasunga magalimoto akale a m'deralo. Pakati panali yofiira, yolembedwa nambala 14. Inalibe denga, inalibe zitseko, mateyala ake opyapyala ngati a njinga yamoto, mipando iwiri basi. Anaipanga agogo aamuna a mayi Bertha mu 1912. Iwo anali osula zitsulo, ndipo ankapita nayo ku zionetsero za alimi, kukachita mjaho m'mabwalo a fumbi othamangiramo mahatchi.

Injini inkalira bwino. Vuto linali rediyeta, yozizira madzi a injini, imene imakhala kutsogolo. Inali ya timapaipi ta mkuwa mazanamazana, tomatirana ngati chisa cha njuchi, ndipo inkadontha ngati dengu.

Wapampando wa gululo anali bambo Norbert, injiniya wopuma ntchito ku fakitale ya zitsulo. Anali atayesa kumata ndi moto wa gasi. Akamata pamalo amodzi, mtovu unkasungunuka pamalo ena atatu. Komiti inagwirizana kuti aikemo rediyeta yatsopano, yakaleyo aipachike pakhoma. Yatsopanoyo inali itafika kale, ili m'katoni. Mayi Bertha ankakana. Injini agogo awo anachita kugula, koma rediyeta anaimata okha, kapaipi ndi kapaipi. Mu Seputembala kunali chionetsero pa bwalo lina lakale la mahatchi, ndipo galimotoyo inayenera kuzungulira kakhumi.

Che Sufian ananjuta, anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndingathe," anatero.

Bambo Norbert anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Munaphunzira kuti? Muli ndi pepala?"

"Pepala ndilibe. Ndine wokhoma ndowa."

Anthu khumi ndi awiri anamva. Kanali koyamba kutchula ntchito yawo pagulu chifikireni ku Canada. Wina anaseka, koma mayi Bertha anamuyang'ana, iye nkusandutsa kusekako kukhala chifuwa.

"Chabwino," anatero bambo Norbert. "Mpaka dzulo lake la chionetsero. Likangogwa dontho limodzi, titsegula katoni."

M'shedi moto wa makala unali woletsedwa. Che Sufian anakhoma mbaula ndi chitini cha penti, nkukhala panja pa kampando. Loweruka lililonse ankawaperekeza Webster, mnzawo wa kuntchito, munthu wa ku Chipata wosatseka pakamwa.

"Mudala, manje zaka teni mu Canada, mwabwerera pa mbaula? Akakumvani ku Limbe adzati ndege inangozungulira nkukusiyani pomwepo."

"Pemererani moto, achimwene. Pakamwa panu pakhale ndi ntchito."

Bambo Norbert ankatuluka kudzaona, manja m'thumba. Tsiku lina anafunsa chifukwa chake misoko ina siisungunuka. Che Sufian ananyamula chitsulo chofiira.

"Moto wanu umapita kumene ukufuna. Uyu amapsereza pamene ndamugunditsa pokha."

Pozungulira ankaphimba ndi nsanza zonyowa. Kupala, kupaka asidi, kumata, kupukuta. Tsiku labwino ankatha timapaipi makumi anayi. Mtovu wa agogo aja umene unali wolimba sanaukhudze. Ankaona pamene dzanja la mkuluyo linkathamanga, ndi pamene linatopa. Anali mmisiri, koma wamanzere, ndipo misoko yake yonse inkapendekera mbali imodzi.

Anagwira Maloweruka khumi ndi anayi. Chionetsero chinali Lamlungu. Lachisanu anapempha tchuthi, ndipo atachoka ku mzikiti analunjika ku Hamilton ndi Webster. Anatseka mapaipi ndi zitsekerero, anadzaza madzi, anakhazika rediyeta pa simenti. Patatha ola, pansi panaoneka kadontho, kukula ngati chikhadabo.

Anafufuza ndi maso, anafufuza ndi chala. Madzi ankachucha pang'ono kwambiri, nkutsetsereka mkati mwa chisa, kukatulukira kutali ndi bowo. Bambo Norbert anakaona kadonthoko. Anangolowa m'shedi, nkukokera katoni ija pafupi ndi chitseko.

Webster anapita kugalimoto kwake, nkubwera ndi kathumba ka ufa kamene anagulira kunyumba.

"Mudala, musavutike. Thirani manja awiri mukati. Ife msewu wa Chipata mpaka Lusaka tinkafika ndi ufa m'rediyeta. Ukapsa umatseka wokha. Azungu aba sadzadziwa."

Che Sufian ankadziwa kuti ndi zoona. Malole ambiri a ku Limbe ankayendera ufa. Kuzungulira kakhumi kukanatheka, anthu nkuwomba m'manja. Koma ankadziwanso kuti phalalo limakhalira m'timapaipi, nkutitseka kamodzikamodzi. Chaka chamawa injini ikanawira, ndipo rediyeta ikanapita pakhoma ndithu, itaphedwa ndi iwo.

Anatenga kathumbako m'manja mwa Webster.

"Ndiye mwamva?" anatero Webster.

"Ndamva theka."

Anakhuthula madzi, anayanika rediyeta padzuwa mpaka itauma gwa. Anatenga ufa pachikhatho nkuuzira kunja kwake, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka yonse inayera mbuu. Ndi mmene atsibweni ankapezera bowo pa thanki ya parafini, kungoti iwo ankawaza phulusa. Kenako anathiramo madzi pang'onopang'ono kuti asadonthezere pambali.

Okalamba aja anatuluka onse. Mmodzi anafunsa ngati akufuna kuikazinga.

Patapita mphindi makumi awiri, kumbuyo, pakona yapamwamba, ufa unada pamalo aang'ono ngati njere ya mapira. Panali pansi pa chibulumwa cha mtovu wa agogo aja, chimene Che Sufian anachisiya chifukwa chinkaoneka cholimba. Atachikanda, anapeza kuti mkuwa wapansi pake sunapalidwe bwino. Mkuluyo anamata mothamanga, mwina pakati pa mjaho.

"Agogo anu apa anali pachangu," anauza mayi Bertha.

"Moyo wawo wonse anali pachangu," anayankha mayiwo.

Che Sufian anakhuthula madzi, anapala mpaka mkuwa unawala, anamata. Anatsuka ufa wonse, anayanikanso, anadzaza, anakhazika pa simenti youma. Anaitana bambo Norbert.

"Kiyi wa geti ali ndi inu. Mawa mubwere muone nokha, ine ndisanafike."

Loweruka mmawa atafika, anapeza bambo Norbert atagwada, akusisita simenti ndi chikhatho. Inali youma. Katoni ija anali ataibwezera pashelefu. Tsiku lonse anamanga rediyeta pagalimoto, awiriwo.

Lamlungu bwalo linadzaza. Mayi Nasima anabwera ndi Amalawi ena asanu ndi mmodzi ochokera ku Etobicoke. Bambo Norbert ndi amene ankayendetsa. Mpando winawo aliyense ankati ndi wa mayi Bertha, koma iwo anakana.

"Kale mpando uwo unali wa makaniko," anatero. "Agogo aakazi sanakwerepo. Kwerani, bambo Ajasi."

Che Sufian anavala chisoti chachikopa pamwamba pa kofia yawo. Wina anapukusa hendulo yolizira injini kutsogolo, injini inatsokomola kawiri nkubangula. Ananyamuka. Fumbi linkalowa m'mano, mpando unkamenya msana, ndipo pokhota ankagwira lamba ndi manja onse. Khamu la anthu Che Sufian sanalione. Maso awo anali pa chitsekerero cha rediyeta, kudikira nthunzi. Kachisanu, ziii. Kachisanu ndi chitatu bambo Norbert anaponda mafuta, galimoto nkuuluka ngati yaiwala zaka zake. Kumpanda Webster ankakuwa: "Wa ndowa! Wa ndowa!" ndipo mayi Nasima ndi anzawo aja analulutira mpaka azungu anatembenuka.

Kakhumi katakwana anaima kutsogolo kwa anthu. Bambo Norbert anatsika, anapempha nyuzipepala kwa munthu wina, anaiyala pansi pa rediyeta. Anadikira mphindi zisanu, wotchi ili m'manja. Kenako anaikweza m'mwamba kuti onse aone. Inali youma mbali zonse.

Pa chikwangwani cha galimotoyo tsopano pali mizere iwiri. Woyamba umatchula amene anaipanga mu 1912. Wachiwiri umati rediyeta anaikonza mu 2007 ndi Sufian Ajasi, mmisiri wa malata. Mawu akuti mmisiri analemba ndi bambo Norbert, osafunsa pepala.

Lolemba Che Sufian anabwerera kumakatoni. Loweruka lotsatira anapeza marediyeta atatu atatsamira khoma la shedi, ina yochokera kutali ku Kingston, ndi thumba latsopano la makala pambali pa kampando kawo. Mpaka lero amapita. Ufa wotsala uja Webster anapita nawo kwawo.